Zimene magazini ya zachipatala imafuna musanaitumizire pepala lanu

M'magazini akuluakulu a zachipatala, mapepala ambiri a kafukufuku amabwezedwa asanafike n'komwe kwa akatswiri ounika. Mkonzi kapena womuthandiza amatsegula fayilo, n'kuyang'ana zinthu zingapo, ndipo zikasoweka pepala limabwerera kwa mwini wake. Zinthu zimenezi zili pawiri. Zina mungathe kuzikonza usiku womwe mukutumizawo, monga kuchuluka kwa mawu ndi kalembedwe ka maumboni (mndandanda wa zolemba za ena zomwe mwatchula). Zina zikaphonyeka kumayambiriro kwa kafukufuku ndiye kuti zapita, ngakhale mutalemba mwaluso chotani. Tiyamba ndi zachiwirizi chifukwa ndi zimene zimapweteka kwambiri.

Zomwe sizikonzeka kafukufuku akatha

Kafukufuku aliyense wokhudza anthu amafunika chilolezo cha komiti yoteteza ufulu wa anthu olowa m'kafukufuku, ndipo chilolezocho chimatengedwa ntchito isanayambe. M'gawo lofotokoza njira zomwe munatsata, lembani dzina lonse la komitiyo ndi nambala ya chilolezo. Ambiri amapunthwa pa kafukufuku wongowerenga mafayilo akale a odwala. Amaganiza kuti poti sanakumane ndi wodwala aliyense, palibe chifukwa chopitira ku komiti. Woyenera kunena kuti pano sipafunika chilolezo cha odwala ndi komiti, osati inu, ndipo mkonzi adzafuna chiganizo chosonyeza kuti komiti inatero. Makomiti ambiri sapereka chilolezo cha ntchito yomwe yachitika kale. Magazini ambiri amafunanso kuti munene ngati munatsata Declaration of Helsinki, chikalata cha mfundo zoteteza anthu olowa m'kafukufuku chomwe bungwe la madokotala la World Medical Association linavomereza mu 1964 ndipo chinakonzedwanso mu 2024.

Kuvomera kwa wodwala kulinso pawiri: kuvomera kulowa m'kafukufuku, ndi kuvomera kuti nkhani yake kapena chithunzi chake chisindikizidwe. Kuvomera koyamba sikuphimba kwachiwiri. Izi zimagwira kwambiri olemba nkhani ya wodwala mmodzi, chifukwa matenda akakhala achilendo, msinkhu, ntchito ndi mwezi umene munthu anagonekedwa zimakwanira kuti anansi ake amuzindikire. Kujambula mzere wakuda pamaso sikubisa munthu, ndipo magazini ambiri anasiya kuvomereza zimenezo. Chotsani dzina, zilembo zoyambirira za dzina ndi nambala ya kuchipatala. Yang'anitsitsani m'ngodya za zithunzi za X-ray ndi za sikani, pamene makina amadindapo dzina ndi tsiku lobadwa. Ngati wodwalayo angazindikirike, muonetseni pepalalo asanasaine.

Kenako pali kaundula. Bungwe la akonzi lotchedwa ICMJE, lomwe linayamba ndi msonkhano wa ku Vancouver mu 1978, linakhazikitsa lamulo loyambira mu 2005 lakuti kafukufuku woyesa chithandizo pa anthu alembetsedwe m'kaundula woonekera kwa aliyense munthu woyamba asanalowe, kapena pa nthawi yomwe akulowayo. Makaundula ovomerezeka ndi monga ClinicalTrials.gov, ISRCTN, Pan African Clinical Trials Registry ndi ena amene ali pansi pa ICTRP, ndondomeko ya makaundula ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO. Musaganize kuti lamuloli ndi la mankhwala okha. Ngati inu munasankha amene alandire chinachake pofuna kuona mmene chisinthire thanzi lawo, kaya ndi maphunziro, zakudya, opaleshoni kapena mauthenga a pafoni, kafukufukuyo amalembetsedwa.

Cholinga cha kaundula n'choti kafukufuku amene sanatulutse zotsatira zosangalatsa asabisidwe, komanso kuti ofufuza asasinthe chomwe ankayeza ataona kale manambala. N'chifukwa chake akonzi amatsegula kaundula n'kuyerekeza ndi pepala lanu. Ngati munalembetsa kuti chachikulu chomwe muyeze ndi imfa pakatha masiku 28, koma m'pepala mwaika patsogolo masiku amene odwala anakhala m'chipatala, adzafunsa. Kusintha pakati pa ntchito kumachitika ndithu, koma nenani kuti munasintha liti komanso chifukwa chake. Nambala ya kaundula imalembedwa kumapeto kwa abstract, chidule cha pepala lonse chomwe chimakhala koyambirira. Kuyambira pa 1 July 2018, mapepala a mtundu umenewu amafunikanso chiganizo chonena ngati deta mudzagawana ndi ena, iti, liti ndiponso motani. Kuyankha kuti simudzagawana n'kololedwa, koma kusayankha ayi.

Nkhani ya mayina

Pano m'pamene anthu amadana. ICMJE ili ndi mfundo 4, ndipo munthu ayenera kukwaniritsa zonse kuti dzina lake likhale pa pepala: anathandiza kwenikweni pokonza kafukufuku, kapena potolera, kusanthula kapena kutanthauzira deta, analemba nawo kapena anaunika mozama zolembedwazo, anavomereza pepala lomaliza, ndipo wavomera kuyankha pa ntchitoyo mafunso akabuka. Kupeza ndalama kokha, kapena kungokhala mkulu wa dipatimenti, sikupereka dzina. Koma mfundozi si chida chotayira anthu. Amene anatolera deta miyezi yambirimbiri ayenera kupatsidwa mpata wowerenga ndi kuikapo ndemanga kuti akwaniritse zotsalazo. Ena onse amalowa m'gawo lothokoza, ndipo muwapemphe kaye, popeza dzina la munthu likaoneka pamenepo owerenga amayesa kuti akugwirizana ndi zomwe mwapeza.

Gwirizanani za mayina ndi mndandanda wake musanayambe kulemba. Mukatumiza kale, kuwonjezera kapena kuchotsa dzina kumafuna kalata yofotokoza chifukwa, yosainidwa ndi olemba onse, kuphatikizapo wochotsedwayo, ndipo akonzi saweruza mikangano yotere. Magazini ambiri amafunsa ntchito ya aliyense potsata mndandanda wa maudindo 14 wotchedwa CRediT, komanso ORCID, nambala ya manambala 16 yozindikiritsa wofufuza, yomwe imapezeka kwaulere pa intaneti. Mapulogalamu a AI sangalembedwe ngati olemba chifukwa sangayankhe mlandu. Ngati munawagwiritsa ntchito, nenani ndi pati komanso pa chiyani.

Wolemba aliyense amadzaza yekha fomu youlula ubale wake ndi makampani kapena mabungwe amene nkhaniyo ingawapindulire. Fomu ya ICMJE imafunsa za miyezi 36 yapitayo: malipiro a upangiri, ndalama za ulendo, masheya ndi zina zotero. Nthawi zambiri kuulula sikugwetsa pepala. Chimene chimagwetsa ndi kudzatulukira pambuyo pake kuti munabisa. Nenaninso amene anapereka ndalama, nambala ya thandizolo, ndiponso ngati anali ndi mawu pa kasanthulidwe kapena pa chisankho chosindikiza.

Kusankha kotumiza

Werengani tsamba lofotokoza nkhani zomwe magaziniyo imalandira, kenako mutsegule makope angapo aposachedwa kuti muone ngati muli mapepala ofanana ndi anu. Mukatero tsitsani malangizo a olemba n'kuwawerenga mpaka kumapeto, chifukwa magazini iliyonse ili ndi zake zowonjezera pa za ICMJE.

Chenjerani ndi magazini achinyengo, aja amatumiza maimelo okutamandani n'kulonjeza kusindikiza pakatha sabata. Akanena kuti ali mu MEDLINE, nkhokwe ya zolemba za m'magazini a zachipatala, tsimikizani nokha mu NLM Catalog, mndandanda wa pa intaneti wosonyeza magazini amene ali mmenemo. Akanena kuti ali mu DOAJ (mndandanda wa magazini owerengedwa kwaulere) kapena ndi mamembala a COPE (bungwe loona za chilungamo pa kusindikiza), fufuzani pa masamba a mabungwewo, osati kudalira chizindikiro chomwe chamatidwa pa tsamba lawo. Magazini ambiri owerengedwa kwaulere amalipiritsa wolemba. Onani mtengo musanatumize, ndipo ngati mukufuna kuchotseredwa, pemphani pa nthawi yotumiza, pakuti ambiri salandira pempho lotere pepala litavomerezedwa kale. Tumizani ku magazini imodzi pa nthawi imodzi. Ngati munaika kale pepalalo pa medRxiv, tsamba loikapo mapepala asanaunikidwe, kapena munalifotokoza ku msonkhano, ambiri sakana, bola muwauze.

Pepala lenilenilo

Pepala la kafukufuku limayenda m'magawo anayi: mawu oyamba, njira, zopeza ndi kukambirana. Malire a mawu nthawi zambiri amakhala pakati pa 3000 ndi 4000, ndipo abstract imakhala ya mawu 250 mpaka 300, yogawidwa ndi timitu. Abstract ndi imene anthu ambiri adzawerenge, komanso ndi imene imakonda kusemphana ndi pepala, chifukwa manambala amasintha pokonzakonza koma iyo n'kuiwalika. Ilembeni pomaliza, ndipo nambala iliyonse muiyerekeze ndi tebulo. Mawu ofufuzira, omwe amakhala 3 mpaka 10, asankheni mu MeSH, mndandanda wa mawu a zachipatala ogwiritsidwa ntchito mu MEDLINE.

Mtundu uliwonse wa kafukufuku uli ndi mndandanda wake wa zoyenera kufotokoza. CONSORT ndi ya kafukufuku wogawa anthu m'magulu mwamaere, STROBE ya mfundo 22 ndi ya wongoonerera osapereka chithandizo, PRISMA 2020 ya mfundo 27 ndi ya wosonkhanitsa zomwe ena anapeza, STARD ndi ya woyesa njira zopimira matenda, CARE ya nkhani ya wodwala mmodzi, ARRIVE ya kafukufuku wa pa nyama. Yonse ikupezeka pa tsamba la EQUATOR Network. Magazini amafuna mndandandawo utadzazidwa, mfundo iliyonse ili ndi nambala ya tsamba pamene yayankhidwa. Ugwiritseni ntchito polemba, osati kuudzaza pomaliza mwamwambo chabe, chifukwa ndi umene umakuonetsani kuti simunanene mmene munapezera chiwerengero cha anthu ofunika, kapena chomwe munachita ndi deta yosoweka. Mafunso awiri amenewa ounika sawaiwala.

Gawo la njira liyenera kukwanira moti munthu wina atha kubwereza ntchitoyo: malo, masiku oyambira ndi omalizira, amene analoledwa kulowa ndi amene anasiyidwa, mankhwala ndi dzina lawo lenileni osati la malonda, mlingo, njira yoperekera, pulogalamu yowerengera ndi mtundu wake. Pa zopeza, lembani manambala enieni limodzi ndi maperesenti. "Odwala 12 mwa 40 (30%)" imauza wowerenga zambiri kuposa 30% yokha. Musadalire P yokha, nambala yothandiza kuona ngati kusiyana kungakhale kwa mwayi chabe. Onetsani kukula kwa kusiyana pamodzi ndi 95% confidence interval (malire osonyeza pamene kusiyana kwenikweni kungakhale), ndipo P muilembe momwe ilili, monga 0.03, m'malo mongoti ili pansi pa 0.05. Tsatani anthu kuyambira oyamba mpaka omaliza: ngati analowa 200 koma tebulo lomaliza lili ndi 183, wowerenga ayenera kudziwa kumene 17 anapita. Pokambirana, nenani zofooka za kafukufukuyo nokha, ndipo musanene kuti ichi chinayambitsa icho pamene munangoona kuti zimayendera limodzi.

Matebulo akhale olembedwa mu Word, osati ojambulidwa, kuti akonzi athe kuwasintha, ndipo chidule chilichonse chimasuliridwe pansi pake. Zithunzi zimatumizidwa pazokha, kawirikawiri ngati TIFF kapena JPEG ya 300 dpi (timadontho pa inchi imodzi) kapena kuposa, pomwe magirafu ndi zojambula za mizere amafuna zoposa pamenepo. Chithunzi chomwe mwakopera kuchokera pa sikirini chimaoneka bwino pa kompyuta koma posindikiza chimachita mbuu, ndipo kukweza nambala ya dpi pambuyo pake sikubwezeretsa zomwe zinatayika. Mukasintha kuwala, sinthani chithunzi chonse, osati kachigawo. Tebulo kapena chithunzi chochokera m'buku la wina chimafuna chilolezo cholembedwa.

Maumboni ambiri amatsata kalembedwe ka Vancouver: amapatsidwa manambala motsata mmene akuonekera m'pepala, ndipo nthawi zambiri mumalemba olemba 6 oyamba kenako et al., kutanthauza "ndi ena". Mapulogalamu osanja maumboni monga Zotero kapena EndNote amathandiza, komabe amalakwitsa, choncho tsegulani umboni uliwonse muone ngati ukunenadi zomwe mwalemba kuti ukunena, komanso ngati sunachotsedwe ndi magazini yake. Pepala lidzadutsanso m'makina ofufuza mawu obedwa monga iThenticate, ndipo makinawo amagwiranso ndime zomwe mwakopera m'mapepala anu akale.

Tsiku lotumiza

Patulani maola angapo, chifukwa makina otumizira mapepala monga ScholarOne ndi Editorial Manager amafunsa imelo ndi malo a ntchito a wolemba aliyense, ndipo mafayilo amakwezedwa limodzilimodzi. Ngati magaziniyo imabisa mayina kwa ounika, tsamba la mutu ndi mayina likhale fayilo payokha, ndipo mufufutenso dzina lanu lomwe Word imasunga mkati mwa fayilo. Ikani manambala a masamba ndi a mizere.

Kalata yopita kwa mkonzi isapitirire tsamba limodzi. Nenani funso lomwe munafufuza, chomwe mwapeza, chifukwa chake chikuyenera owerenga a magaziniyo, kuti pepalalo silili kwina, ndiponso kuti olemba onse avomereza. Ngati pali pepala lina lochokera pa deta yomweyo, litchuleni. Onetsetsani dzina la magazini pamwamba pa kalatayo, makamaka ngati pepalalo linakanidwa kwina ndipo mukungosintha kalata yakale. Pomaliza makina amapanga PDF yoti muione ndi kuivomereza. Mukapanda kudina batani lovomereza, pepalalo limangokhala osafika kwa mkonzi, inu n'kumadikira yankho lomwe silikubwera.

Ndemanga za ounika zikabwera, yankhani imodziimodzi: koperani ndemangayo, lembani yankho pansi pake, ndipo sonyezani tsamba ndi mzere pamene mwasintha. Kukana ndemanga n'kololedwa ngati mwapereka chifukwa ndi umboni mwaulemu. Tumizani makope awiri, loonetsa zosintha ndi loyera, tsiku lomwe anakupatsani lisanadutse, ndipo mukaona kuti simukwanitsa pemphani nthawi pasadakhale. Pepala likavomerezedwa mudzalandira kope loti muone komaliza, nthawi zambiri kwa masiku awiri kapena atatu okha. Pamenepo si polembanso ziganizo. Yang'anani kalembedwe ka mayina, mayunitsi, milingo ya mankhwala ndi manambala a m'matebulo, chifukwa ndi amene amasokonekera pokonza masamba, ndipo cholakwa chomwe chadutsa apa chimafuna chidziwitso chapadera chosindikizidwa kuti chikonzedwe.