Kusankha Liwu Loyenera Ponena za Chinthu Chapamtima

Anthu ambiri akafuna kunena kuti chinthu ndi chofunika kwa iwo amathamangira liwu lakuti kukonda, koma liwuli ndi lotambalala kwambiri, pakuti munthu yemweyo amakonda mkazi wake, amakondanso kugona masana. Musanalembe, dzifunseni kaye chimene mukufuna kuonetsa: ulemu, chisamaliro, kapena chimwemwe chimene chinthucho chimakupatsani.

Ngati nkhani ndi ya ulemu, liwu lake ndi kulemekeza, ndipo timalemekeza makolo, pangano, ngakhalenso maliro. Kuti mulimvetse bwino, yang'anani liwu lotsutsana nalo, kupeputsa, limene limachokera ku kupepuka: wopeputsa mnzake amamutenga ngati mankhusu ouluka ndi mphepo, pamene womulemekeza amavomereza kuti munthuyo ndi wosanyamulika ndi dzanja limodzi.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi pa kusamala ndi kusamalira. Polankhula mawuwa amalowana, koma polemba ndi bwino kuwasiyanitsa. Mayi amene amasunga kalata ya malemu amuna ake pansi pa sutikesi, ataikulunga m'nsalu kuti isang'ambike mopindamo, akuisamala. Mayi yemweyo pamene ankawasambitsa amunawo ndi kuwamwetsa mankhwala ali chigonere, ankawasamalira, chifukwa kachidutswa kakuti -ira kamaloza amene akulandira thandizolo. Kumbukiraninso kuti liwu lakuti kusamala limakhalanso chenjezo, choncho "samalani mwanayo" ndi "samalani ndi mwanayo" si nkhani imodzi. Chiganizo chachiwiricho chikumuneneza mwanayo.

Kachidutswa komweko kakuti -ira kamasintha kunyada, kumene ndi khalidwe losakondweretsa, kukhala kunyadira, kumene kholo limachita mwana akakhoza mayeso. Kuyamikira gwiritsani ntchito pamene mwaona khama la wina ndipo mukufuna adziwe kuti mwaliona. Kusirira kokha musakuike m'gululi, chifukwa munthu amasirira chimene alibe.

Mawu akuti chamtengo wapatali ndi abwino, ngakhale kuti, m'kuona kwanga, afwifwa chifukwa chogwiritsidwa ntchito paliponse. Ponena za munthu, wapamtima amamveka bwino koposa. Pamene mukufuna kuonetsa chikondi chimene chimatetezanso, tengani kufungatira, liwu la nkhuku imene yakhalira mazira ake osalola dzanja kufika pafupi, ndipo mulembe kuti, "Agogo anafungatira ana amasiyewo mpaka onse anakula."