Momwe mungapezere ndalama zoyendetsera zaumoyo m'mudzi mwanu kuno ku Mangochi

Amene mwakhalako kumadera ngati Makanjira, Katuli kapena Chilipa mukudziwa mmene mtunda umaphera anthu. Mayi matenda amuyamba usiku, wakabaza akuti ndalama kaye, ambulansi ili ku boma mwinanso ilibe mafuta, nde abale amangoyendayenda makomo kubwereka mpaka kunja kucha. Ndiye chiyambire 2025 pomwe America inadula thandizo la USAID mapulojekiti ambiri azaumoyo anaima, moti kungokhala kudikira bungwe pano sikukuthandiza. Ndikufuna tiuzane mmene mudzi ungayambire wokha kenako nkukoka thandizo la kunja.

Choyamba sankhani vuto limodzi basi. Pitani kwa a HSA a dera lanu, alangizi a zaumoyo aja, iwowo ali ndi kaundula wa ana osapitirira zaka zisanu, amayi oyembekezera komanso makomo amene alibe zimbudzi, akuuzani chimene chikuvuta kwambiri. Kwina ndi thiransipoti ya amayi oyembekezera, kwina ndi kanyumba ka village clinic poti a HSA akuonera ana a malungo ndi otsegula m'mimba pakhonde mvula ikuwawaza, kwina ndi klorini wothira m'madzi. Za kloriniyu musazitenge mwachibwana, kolera wa 2022 mpaka 2023 uja anapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno ndipo Mangochi inali mwa maboma amene anavutika kwambiri, makamaka m'madoko.

Chachiwiri, musalumphe amfumu, masheikh ndi abusa. Komanso musapange komiti yatsopano yopikisana ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi imene ilipo kale, ingoidzutsani ngati inagona. Amayi akhalemo ambiri ndithu chifukwa amene amagona pansi kuchipatala kudikirira odwala ndi iwowo.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, yambani ndi ndalama zanu. Tiyerekeze mudzi uli ndi makomo 200, khomo lililonse likamasonkha K500 pamwezi ndi K100,000 imeneyo, si yambiri koma usiku uja wakabaza sakukanani. Magulu a banki mkhonde ali kale ndi kathumba ka zadzidzidzi, akambirane zopatulako pang'ono. Kunyanja lankhulani ndi a BVC, komiti ya asodzi ya padoko, komanso eni zilimira, koma muwapeze nthawi imene usipa ukufa osati nthawi ya mwera pamene maboti angokhala kumtunda, apo mungotaya mawu. Kumzikiti pemphani sadaka yapadera Lachisanu limodzi pamwezi, kutchalitchi chimodzimodzi. Ndipo musaiwale ana athu a ku Joni, pafupifupi mudzi uliwonse kuno uli ndi anyamata ku Johannesburg, Durban kapena Cape Town, amatumiza kale ndalama za maliro pa Mukuru, nde atsegulireni gulu la WhatsApp muwauze kuti iyi ndi yoti amayi awo ndi azichemwali awo afike kuchipatala nthawi yabwino. Ambiri amapereka akangoona kuti zinthu zikuyenda poyera.

Chachinayi ndi kasungidwe. Kwathu tinapsa nazo izi. Tinasonkha bwinobwino miyezi ingapo, ndalama nkumasunga munthu mmodzi m'nyumba mwake poti tinkamukhulupirira, iye nkumabwereketsa achibale mwachifundo osalemba paliponse, tsiku limene mtsikana wina anafunika kuthamangira naye kuchipatala m'kachitini munapezeka timapepala ta mayina basi. Mtsikanayo anapita ndithu ndi ndalama yobwereka, koma anthu anakhumudwa ndipo zinatitengera nthawi yaitali kuti ayambenso kusonkha. Nde inu tsegulani akaunti ku banki yosainira anthu atatu, m'manja muzingotsala yochepa ya zadzidzidzi pa Airtel Money kapena Mpamba, foni ikhale kwa wina, PIN kwa wina. Gulani kope lachikuto cholimba. Mwezi uliwonse mlembi aimirire pabwalo awerenge mokweza kuti zalowa zingati, zatuluka zingati, wakabaza uti analipidwa tsiku liti, malisiti ali pamphasa aliyense awagwire, kenako jambulani tsambalo mutumize kugulu la a ku Joni lija.

Chachisanu, pitani ku boma kudzera njira yake. Nkhani imayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, ipite ku ADC, komiti ya chitukuko ya dera la T/A wanu, kaya ndi kwa Mponda, Chimwala, Nankumba, Jalasi kapena Makanjira, kenako ku khonsolo. Limbikirani kuti ilembedwe m'mapulani a chitukuko a mudzi, chifukwa ndalama za CDF, thumba la chitukuko la dera la phungu, ndi zina za khonsolo zimayenera kutsata zimene anthu anapempha m'mapulanimo. Khansala ndi phungu apatseni kalata yolemba osati pakamwa pamaliro, ndipo kope lina musunge. Ngati mukufuna kumanga, chonde funsani kaye ofesi ya DHO, mkulu wa zaumoyo m'boma lino, pali timanyumba tambiri tomangidwa ndi mtima wabwino timene tangokhala mogona mileme poti palibe amene anagwirizana za wogwira ntchito ndi mankhwala. Ngati chipatala chanu chapafupi ndi cha mishoni cha pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, funsaninso ngati pali mgwirizano ndi boma woti amayi oyembekezera ndi ana azithandizidwa osalipira, mungapeze kuti thumba lanu likulipira zinthu zaulere.

Pomaliza ndi pamene mupite kwa mabungwe ndi eni mabizinesi. Lembetsani gulu lanu ngati CBO, kutanthauza bungwe la m'mudzi, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma kuti mukhale ndi pepala. Kalata yopempha ikhale ya tsamba limodzi: vuto, chiwerengero chochokera kwa a HSA, zimene mwasonkha nokha, zimene zikuperewera ndi mitengo yake, pansi chidindo cha amfumu ndi cha a in-charge a chipatala. Pemphani chinthu chooneka, malata, simenti, njinga ya ambulansi, sola ya village clinic, zimenezi anthu amapereka msanga kusiyana ndi ndalama. Malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Nkopola mpaka Cape Maclear, antchito awo ambiri ndi ana a m'midzi yomweyi, nde agogodereni mutanyamula kope lija. Munthu akabwera nkumati mupereke kaye ndalama ya fomu kuti akulumikizeni ndi mabungwe opereka thandizo, mubwezeni, ameneyo ndi wakuba.

Akakupatsani kanthu olo matumba asanu a simenti, pasathe mwezi musanawatumizire chithunzi cha pamene mwagwiritsa ntchito ndi kakalata kothokoza kosainidwa ndi amfumu.