Mmene mungakhalire pansi ndi mayi amene akumwa mowa mobisa

Amayi anga anathyola tiyi zaka zambiri kuesiteti kuno ku Mulanje, dengu lili kumsana, mpaka msanawo unayamba kuwavuta. Abambo atamwalira, anayamba kumwa kakapu ka kachasu madzulo, ati kuti tulo tibwere. Zaka zitatu tonse tinkaona koma osanena. Botolo ndinalipeza ndine, m'thumba la ufa, atalikulunga m'chitenje chawo chopitira kutchalitchi. Bambo akaledzera ku Chitakale anthu amangoti ndi mmene alili. Akakhala mayi, banja limatseka pakamwa chifukwa cha manyazi, ndipo manyaziwo ndi amene anatichedwetsa.

Amene anandilimbitsa mtima ndi Betty Ford, mkazi wa Gerald Ford, pulezidenti wa dziko la America kuyambira 1974 mpaka 1977. Mayi ameneyu ankalankhula poyera kuti akazi akhale ndi ufulu wofanana ndi amuna m'malamulo, ndipo atamuchita opaleshoni ya khansa ya m'mawere mu 1974 sanabise. Koma kunyumba ankamwa mowa pamodzi ndi mapilisi opha ululu omwe anayamba chifukwa cha mtsempha wa m'khosi. Mu Epulo 1978 mwamuna wake ndi ana ake anamukhazika pansi, aliyense nkumuuza zomwe anaona. Anakagonekedwa kuchipatala cha asilikali apamadzi ku Long Beach. Ife tinatsata njira yomweyo, mwa kwathu kuno.

Musanalankhule ndi mwini wake, yambani mwapita kuchipatala. Ichi ndicho ambiri amalumpha. Munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi, thupi limawukira: manja kunjenjemera, thukuta, kusanza, tulo osabwera. M'masiku awiri kapena atatu oyamba ena amakomoka ngati akhunyu, ena amaona zinthu zomwe palibe, ndipo munthu atha kufa. Choncho musathire mowawo pansi nkumutsekera m'nyumba. Kafotokozeni kwa adokotala kapena anamwino, funsani amene amaona za matenda a maganizo pachipatala cha boma, mumve tsiku lomwe mungabwere naye. Ngati akumwanso mapilisi ogonetsa kapena opha ululu, tengani timapepala take mukaonetse. Zikavuta kwambiri amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandizanso anthu ofuna kusiya mowa.

Kenako sankhani anthu, anayi kapena asanu basi. Kwathu kuno nkhani ya mbumba siyenda popanda amalume, ndiye tinayambira kwa iwo. Panalinso achemwali anga, ine, ndi anzawo a amayi amene ankathyola nawo tiyi. Amene amamwa nawo asabwere, ngakhalenso wachibale wapakamwa amene mawa akalengeze kumjigo kapena kuchigayo. Abusa tinawauza pambuyo pake, amayi atavomera okha.

Tsopano chovuta kwambiri ndi mawu. Aliyense abwere ndi zinthu ziwiri kapena zitatu zomwe anaona ndi maso ake, ndi tsiku lake lomwe. Mawu oti "chidakwa" asatuluke. "Mwatichititsa manyazi" asatulukenso, chifukwa pamenepo mukudzilirira nokha. Ine ndinalemba zanga pakapepala ka m'kope, poopa kuti misozi indisokoneza, ndipo ndinati: "Amayi, Lachiwiri lija munagona pafupi ndi mafuwa, nyemba zinapserera, mdzukulu wanu akukwawa chapomwepo. Ndinachita mantha. Ndimakukondani, sindikufuna kukutayani." Achemwali ananena za tsiku la ubatizo wa mwana wawo, limene amayi analephera kudzuka. Zoterezi munthu sangazikane, pomwe mukangoti "mumamwa kwambiri" ayankha kuti kangati, nkhani nkusanduka mkangano.

Nthawi yake ikhale m'mawa, asanalawe kanthu, m'nyumba osati pakhonde pomwe odutsa akumva. Ana aang'ono atumeni kwina.

Yembekezerani mkwiyo. Amayi anawayang'ana amalume nkunena kuti, "Achimwene, mwabwera kudzandizenga mlandu m'nyumba mwanga?" Amalume, amene ndinkaopa kuti akalipa, anangoti, "Ayi mlongo wanga, tabwera kudzakutengani tipite kuchipatala, njinga ili panja." Musabweze mawu, musakweze liwu. Akakana mowa nkuvomera mapilisi okha, kapena nkunena kuti ndi msana, landirani pomwepo. Betty Ford nayenso poyamba anavomera za mankhwala okha, za mowa anadzavomera ali kale m'chipatala. Chofunika tsiku limenelo ndi kunyamuka, ndiye ndalama ya kabaza kapena minibasi ikhale ili m'thumba, buku lakuchipatala lili m'manja. Akakanitsitsa, musamukoke. Nenani modekha zomwe musiye kuchita, monga kumubwezera ngongole za mowa kapena kumusiyira mwana, ndipo muyesenso pakapita masabata angapo.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndimakana kwamtuwagalu. Kumwa kwa mayi kusakhale chifukwa chomulanda munda, kumuthamangitsa pabanja kapena kumumenya. Ndaona achibale akuthamangira kugawana malo a mayi wodwala ati sangathe kuwasamala. Ameneyo ndi wodwala, ndipo zake zikhale zake. Ndalama mungamusungire ngati iye wavomera, mukulemba zonse poyera.

Akabwera kuchipatala ntchito ndiye yayamba. Pitani kwa amene amatcheza kachasu, lipirani ngongole yotsala, muwapemphe mwaulemu kuti asamukongozenso. Onani nthawi yomwe ankamwa. Kwa amayi inali chakumadzulo, dzuwa likamalowa, nyumba ili zii. Tinagawana masiku kuti nthawi imeneyo pakhale munthu, wina kusenda nawo nandolo, wina kungocheza. Msana nawo tinaupititsa kuchipatala, poti ukapitiriza kuwawa botolo limabwerera. Samalani masiku a malipiro, maliro ndi zikondwerero.

Amayi anabwerera ku mowa kawiri chaka choyamba, kamodzi pamaliro a msuweni wawo ku Luchenza. Sitinachite msonkhano wina, tinangobwerera nawo kuchipatala mawa lake. Betty Ford atachira anatsegula malo othandizira anthu otere ku Rancho Mirage, California, mu 1982, ndipo anakhala ndi moyo mpaka 2011, ali ndi zaka 93. Amayi anga alibe malo otero, koma mwezi watha mayi wina wa m'mudzi mwathu anabwera madzulo ndi mwana wake wamkazi, ndipo amayi anandituma ndikaphike tiyi, nkutseka chitseko kuti alankhule okha.