Kasankhidwe ka matiresi a mwana amene akukula, otsika mtengo komanso opanda mankhwala ambiri

Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika kugona maola 10 mpaka 13 pa tsiku, ndipo wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12, kotero palibe katundu wina m'nyumba amene khungu ndi mphuno za mwana zimayandikana naye nthawi yaitali kuposa matiresi. Kuno ku Salima nkhaniyi imakula chifukwa cha nyengo yathu ya m'mbali mwa nyanja. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala kumachititsa kuti siponji itulutse fungo la mankhwala ake mochuluka, pamene chinyezi cha m'dzinja chimabweretsa chuku pansi pa matiresi amene sapitidwa mphepo.

Matiresi ambiri amene mungawapeze m'masitolo a pa Kamuzu Road ndi a siponji yotchedwa polyurethane, imene imapangidwa posakaniza mankhwala ochokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Mankhwalawa amagulidwa kunja, n'chifukwa chake mitengo ya matiresi imakwera kwacha ikagwa, monga mmene zinakhalira itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tinene poyera kuti matiresi a siponji opandiratu mankhwala kulibe. Chimene kholo lingachite ndi kusankha siponji yabwino yosawonjezeredwa zinthu zosafunika, kuipatsa nthawi yoti fungo lituluke, ndi kuika nsalu yochapika pakati pa siponjiyo ndi thupi la mwana.

Mukafika m'sitolo, musayambe ndi kukhuthala kwa matiresi kapena maluwa a pa nsalu yake, chifukwa apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimathera. Chofunika kwambiri ndi kulemera kwa siponji, kumene opanga amakulemba pa chizindikiro ndi mawu akuti density. Nambala imeneyi imanena makilogalamu amene siponji yotalika mita imodzi mbali zonse ingalemere. Siponji yopepuka imakhala ndi mpweya wambiri m'kati, imaphwa msanga, ndipo pakapita nthawi yochepa mwana amayamba kugona m'dzenje, msana uli chopindika, akumva matabwa a bedi. Matiresi a mainchesi 4 a siponji yolemera amaposa kutali a mainchesi 8 a siponji yopepuka, ndipo kwa mwana wa ku pulayimale mainchesi 4 mpaka 6 ndi okwanira.

Ngati chizindikiro palibe kapena mukuchikayikira, sikelo ikhoza kukuthandizani. Matiresi a munthu mmodzi amakhala pafupifupi masentimita 91 m'lifupi ndi 188 m'litali. Akakhala a mainchesi 6, siponji ya nambala 18 imalemera makilogalamu osafika 5, pamene ya nambala 28 imapitirira pang'ono makilogalamu 7, nsalu yokutira n'kuwonjezerapo pang'ono. Ngakhale popanda sikelo, mukanyamula matiresi awiri ofanana kukula, manja anu adzakuuzani. Komabe kulemera pakokha si umboni wokwanira, popeza siponji ina imathiridwa ufa wonga laimu kuti imveke yolemera. Choncho gwadanipo ndi bondo limodzi kwa kanthawi. Bondo likafika pansi, kapena malo amene munagwada akachedwa kubwerera, asiyeni. Yang'ananinso chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, bungwe loona za ubwino wa katundu limene linakhazikitsidwa mu 1972, komanso dzina la fakitale, ndipo musachoke popanda lisiti.

Pa za kukula kwake, mwana amene wasiya kugona ndi amayi ake mugulireni matiresi a utali wa munthu wamkulu kamodzi n'kamodzi. Timatiresi tating'ono timaoneka totsika mtengo, koma mwana akatalika mumagulanso. Kwa khanda losakwana chaka malamulo ndi ena: ligone chagada pamalo olimba ndi osalala, popanda pilo, ndipo pasakhale mpata pakati pa matiresi ndi m'mbali mwa bedi.

Pali mitundu itatu imene ndi bwino kuipewa. Woyamba ndi matiresi a kaunjika. Mtengo wake umakopa, koma simudziwa amene anagonapo, chimene anapoperapo, kapena ngati m'misoko mulibe mazira a nsikidzi. Kuwonjezera apo, siponji yakale ya kumayiko ena inkathiridwa mankhwala oletsa kuyaka moto a mtundu wa pentaBDE, amene anaikidwa pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa m'pangano la mayiko la ku Stockholm mu 2009 chifukwa amaunjikana m'thupi, ndipo siponji yotere ikayamba kunyenyeka mankhwalawo amalowa m'fumbi la m'chipinda. Wachiwiri ndi matiresi a zidutswa za siponji zamitundumitundu zomatidwa pamodzi, chifukwa mumakhala guluu wambiri ndipo gwero la zidutswazo silidziwika. Wachitatu ndi okutidwa ndi pulasitiki yofewa ya PVC, imene kawirikawiri imafewetsedwa ndi mankhwala otchedwa phthalates, ndiponso imachititsa mwana thukuta usiku wonse. Mawu okopa onena kuti nsalu inathiridwa mankhwala ophera tizilombo kapena mafuta onunkhira musawaone ngati mwayi, pakuti amenewo ndiye mankhwala owonjezera amene mukuwathawa. Zizindikiro zakunja monga OEKO-TEX ndi CertiPUR zimasonyeza kuti katundu anayezedwa pa nkhani ya mankhwala oopsa, ndipo mukazipeza pa mtengo umene mungathe ndi bwino, koma musakongole ndalama pozifunafuna.

Ena angafunse za matiresi a thonje, makamaka popeza thonje timalima konkuno. Ngati pali mmisiri amene amawasoka bwino ndi thonje loyera lochotsedwa njere, ndi abwino ndipo satentha ngati siponji. Vuto lake ndi lakuti amamwa chinyezi, amaumbika mabuma, ndipo amafuna kuyanikidwa ndi kumenyedwa kawirikawiri. Thonje longochoka kumunda, limene lapoperedwa nyengo yonse ndipo lili ndi njere zokopa makoswe, si loyenera kugonapo mwana.

Matiresi atsopano akafika pakhomo, chotsani pepala lonse la pulasitiki. Ambiri amalisiya poganiza kuti akuteteza matiresi, koma limatsekera fungo ndi thukuta m'kati, ndipo kwa mwana wamng'ono likhoza kumutseka mpweya. Imikani matiresiwo pakhonde kapena m'chipinda chotsekula mawindo, pamthunzi podutsa mphepo, kwa masiku angapo mpaka fungo la fakitale litatha, pakuti mpweya wambiri wa mankhwala umatuluka m'masiku oyambirira. Siponji yosakutidwa musaisiye padzuwa nthawi yaitali chifukwa imasanduka yachikasu n'kuyamba kunyenyeka. Nthawi yabwino yogula ndi miyezi ya mwera, mu Juni ndi Julayi, pamene kunja kuli kouma ndipo mphepo ilipo yambiri. Fungo likakhalabe lamphamvu patatha sabata ziwiri, abwezeni, makamaka ngati mwana ali ndi mphumu.

Kenaka pitani kwa telala akusokereni chikuto cha zipi cha nsalu ya thonje yokhuthala, ndipo muichape nsaluyo musanaigwiritse ntchito kuti utoto ndi sitachi zichoke. Ngati mwana amakodzabe pogona, zimene si zachilendo mpaka zaka 5 kapena kupitirirapo, yalani kachidutswa kosalowa madzi pakati pokha, pansi pa nsalu ziwiri za thonje kapena zitenje zakale, kuti pulasitiki isakhudze khungu. Mkodzo ukalowa mu siponji, ifinyeni ndi nsalu youma, mupukute ndi madzi a sopo ochepa, n'kuumitsa ndithu musanayalenso. Matiresi asagone pa simenti kapena pa dothi. Kalipentala akupangireni bedi la matabwa okhala ndi mipata, ndipo ngati ndalama ya bedi sinapezeke, yalani mphasa pansi ndipo muziimika matiresiwo m'mawa uliwonse.

Mankhwala oopsa kwambiri pa bedi la mwana nthawi zambiri sachokera ku fakitale, koma timawathira tokha nsikidzi zikativuta. Mankhwala opopera thonje, fodya kapena tomato asafike pa matiresi ngakhale pang'ono, chifukwa siponji imawamwa ndipo mwana amawapuma usiku uliwonse. Mapiritsi ofukizira chimanga ndiye oopsa koposa, popeza amatulutsa mpweya wa phosphine umene umapha munthu m'chipinda chotseka. Nsikidzi zimafa ndi kutentha, choncho chapani zofunda ndi chikuto m'madzi otentha kwambiri, thirani madzi owira m'malumikizo a matabwa a bedi mutalitulutsa panja, kwechani misoko ya matiresi ndi burashi, matani ming'alu ya m'khoma, ndipo mubwereze ntchitoyi sabata iliyonse kwa mwezi wathunthu chifukwa mazira amaswa pambuyo pake.

Neti yonyikidwa m'mankhwala yokha musaichotse m'dzina lopewa mankhwala, pakuti malungo m'maboma a m'mbali mwa nyanja ndi oopsa kutali kuposa mankhwala a mu netiyo. Neti yatsopano iyanikeni pamthunzi kwa tsiku limodzi musanaimangirire, ndipo muziipinira pansi pa matiresi mbali zonse. Alangizi a zaumoyo akabwera kudzapopera makoma, tulutsani matiresi ndi zofunda, n'kuzibwezeretsa nthawi imene iwo akuuzani ikakwana.

Muzitembenuza matiresi mwezi uliwonse, kumutu kupite kumiyendo ndipo pamwamba papite pansi. Mukaona dzenje losabwerera, siponji yonyenyeka ngati ufa, kapena madontho akuda a chuku amene alowa m'kati, nthawi yogula ena yakwana, ndipo akalewo musawatenthe pafupi ndi nyumba chifukwa utsi wa siponji ndi wa poizoni.