Kusankha matayala a galimoto yaliwiro oyendera tsiku ndi tsiku komanso pabwalo la mpikisano

Munthu amene ali ndi Subaru WRX, Golf GTI kapena Toyota 86 kuno ku Mangochi, ndipo amafuna kuti nthawi zina akaithamangitse pabwalo la mpikisano, amapempha tayala limodzi zinthu ziwiri zotsutsana. Pabwalo pamafunika tayala la labala wofewa, lomata phula likatentha ndiponso la mizere yochepa, pamene pamsewu wa M3 wopita ku Liwonde kapena wa M10 wopita ku Monkey Bay pamafunika tayala lopirira maenje, mchenga ndi madzi oyenderera mvula ya Januwale ikagwa. Mabwalo odziwika monga Donnybrook ku Harare, Zwartkops pafupi ndi Pretoria ndi Kyalami ku Midrand ali kutali, kotero amene amapitako amapita mwa apo ndi apo. Chifukwa cha ichi, msewu wa kwanu ndiwo uyenera kulamula tayala limene mugule, ndipo bwalo libwere pambuyo.

Yambani ndi kuwerenga zolembedwa m'mbali mwa tayala limene lili pagalimoto yanu, n'kuzifananitsa ndi kapepala komatidwa pakhomo la dalaivala. Mukaona 225/40 R18 92Y, nambala 225 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 40 ikutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi magawo 40 pa 100 a kutambalalako, omwe ndi mamilimita 90, ndipo 18 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Nambala 92 ikunena kuti tayalalo linganyamule makilogalamu 630, pamene Y ikunena kuti linapangidwa kuti lipirire liwiro lofika makilomita 300 pa ola. Chilembo W chimaimira 270, V chimaimira 240 ndipo H chimaimira 210. Ngakhale simudzafika pa liwiro limenelo, musatsike kuchoka pa chilembo chimene opanga galimoto analemba, chifukwa tayala la chilembo chapamwamba limapiriranso bwino kutentha, ndipo kutentha ndiko kumapha tayala pabwalo ngakhalenso paphula la kuno mwezi wa Okutobala.

Pali msampha umene eni galimoto zochokera ku Japan amagweramo kawirikawiri. Galimoto zina zimafika zitavala matayala oyendera pa chipale chofewa, monga Bridgestone Blizzak kapena Yokohama iceGUARD, omwe amadziwika ndi mawu akuti STUDLESS komanso timizere ting'onoting'ono tambirimbiri. Amaoneka atsopano ndipo mizere yake ndi yakuya, koma labala wake anapangidwira kuzizira. Paphula lotentha amawedewede pokhota, amatalikitsa mtunda woimira mukaponda buleki, ndipo pabwalo sachedwa kunyenyeka. Ngati ndi amene muli nawo, achotseni musanaganize zina zonse.

Nambala ina yothandiza ndi yotsatira mawu akuti TREADWEAR, yochokera ku muyeso wa ku America wotchedwa UTQG. Nambalayi ikakhala yaing'ono, labala amakhala wofewa, amamata kwambiri ndipo amatha msanga. Toyo Proxes R888R ndi la 100, Bridgestone Potenza RE-71RS, Yokohama Advan A052 ndi Hankook Ventus RS4 ndi a 200, Michelin Pilot Sport 4S ndi la 300, ndipo Continental ExtremeContact Sport 02 ndi la 340. Kampani iliyonse imadzilembera yokha nambalayi pamatayala ake, choncho 200 ya kampani ina siifanana ndendende ndi 200 ya inzake, ndipo muziiona ngati chongokulozerani gulu la tayala basi. Pafupi pake pamalembedwa TEMPERATURE, chizindikiro cha mmene tayala limapiririra kutentha, ndipo pamenepo musavomere china chilichonse kupatula A.

Ngati ndalama zikukulolani matayala anayi okha, maganizo anga ndi akuti mutenge a gulu la 300 kapena kuyandikira apo. Pabwalo amagwira bwino pa maulendo angapo ozungulira, kenaka amatentha n'kuyamba kuterera, ndipo zikatero mumachepetsa liwiro kapena kutuluka kuti azizire. Kwa munthu wongoyamba kumene, khalidwe limeneli ndi labwino, pakuti tayala lotere limalira ndi kuterera pang'onopang'ono lisanataye phula, ndipo dalaivala amaphunzira kumva malire a galimoto yake. Matayala a 200 amadula masekondi pabwalo, koma amabwera ndi mizere yosazama kwenikweni poyerekeza ndi mamilimita 7 kapena 8 a tayala wamba latsopano, amachita phokoso, amatola timiyala n'kumatiponyera m'thupi mwa galimoto, ndiponso labala wake amauma pang'onopang'ono nthawi iliyonse akatentha n'kuzizira. Kuwayendetsa tsiku lililonse kuchokera pa Boma kupita ku ntchito ndi kuwononga ndalama, chifukwa mudzakafika pabwalo ali ndi mizere koma kumata kutapita.

Nkhani ya mvula ndi imene iyenera kukuopsani kwambiri. Mizere ndi njira yotulukira madzi, ndipo tayala likalephera kuwachotsa limayandama, chiwongolero n'kupepuka ngati sichinalumikizidwe ku chilichonse. Aliyense amene anatsikapo mapiri a Chowe kuchokera ku Namwera mvula ikugwa amadziwa kuti pamakona aja madzi amadutsa pamsewu atasenza dothi ndi mchenga, kutsogolo kuli akabaza ndi mbuzi. Timabampu ta m'kati mwa mizere timaonetsa kuti patsala mamilimita 1.6, koma pa nyengo yadzinja musadikire kufika pamenepo, sinthani akatsika pa mamilimita 3. Ngati tayala lili ndi chikalata cha ku Ulaya, onani chilembo cha kagwiridwe kake pamsewu wonyowa, chomwe chimayambira A kulekeza E, ndipo sankhani A kapena B.

Kukula kwa limu nakonso ndi nkhani ya msewu. Anyamata ambiri amakonda malimu aakulu a matayala opyapyala chifukwa cha maonekedwe, koma dzenje limodzi la m'mphepete mwa phula ndi lokwanira kupinda limu kapena kutupitsa khoma la tayala. Tayala la 225/45 R17 ndi la 225/40 R18 ndi otalika pafupifupi mofanana, koma loyambalo lili ndi khoma la mamilimita 101 pamene lachiwiri lili ndi 90, ndipo kusiyana kumeneko kumamveka mukagunda dzenje. Ngati mabuleki a galimoto yanu akukwana m'limu la 17, tengani limenelo, lomwenso matayala ake amakhala otsikirako mtengo.

Amene angakwanitse, njira yabwino koposa ndi kukhala ndi malimu asanu ndi atatu: anayi a matayala a pamsewu, ndi anayi ena ovala a 200 kapena ofewa kuposa apo, omangidwa pokhapokha mwafika pabwalo. Poyamba zimaoneka zodula, koma gulu lililonse limatha pa ntchito yake yokha. Osungawo muwaike m'nyumba mozizirira, kutali ndi dzuwa, mafuta ndi jenereta. Pa galimoto yokoka ndi miyendo yonse inayi monga WRX, matayala onse akhale a mtundu umodzi, saizi imodzi ndiponso otha mofanana, pakuti kusiyana kwake kumavutitsa zida zogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo.

Matayala a kaunjika ndi ambiri m'misika mwathu, ndipo pa galimoto yopita pabwalo sindikuwavomereza. Ngakhale pogula atsopano, yang'anani manambala anayi omaliza pamzere woyamba ndi DOT: 2322 ikutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2022. Michelin amalangiza kuti tayala likadutsa zaka zisanu lizionedwa ndi katswiri chaka chilichonse, ndipo lisapitirire zaka khumi, koma malire amenewo ndi a pamsewu. Lopita pabwalo likhale la zaka zochepa kuposa apo, lopanda ming'alu, lopanda chotupa, ndiponso losamatidwapo panchala.

Tsiku la pabwalo likafika, nyamulani geji yanuyanu ndi pampu. Mpweya umakwera pafupifupi 0.1 bar pa madigiri 10 alionse a kutentha, kotero tayala limene munapopa mmawa lingathe kukwera ndi theka la bar mukazungulira kangapo, ndipo likatero limagwira phula ndi pakati pokha. Yambani ndi mpweya wolembedwa pakhomo, zungulirani kanayi kapena kasanu, tulukani n'kuyeza nthawi yomweyo tayala likadali lotentha, ndipo phwetsani pang'onopang'ono kufikira mulingo umene opanga tayalalo amalangiza, womwe pa matayala ambiri a mtunduwu umakhala cha m'ma 2.3 mpaka 2.5 bar atatentha. Onaninso phewa lakunja la matayala akutsogolo. Ngati kudyeka kwafika pa zolemba za m'mbali, mpweya wachepa, kapena mukulowa pakona mothamanga kwambiri, kapenanso galimoto ikufunika kukonzedwa alayimenti kuti tayala lipendekekere pang'ono m'kati.

Mukamaliza, dikirani kuti matayala azizire, muwapopenso kufika pa mulingo wa pamsewu, ndipo musinthanitse akutsogolo ndi akumbuyo ngati saizi yawo ndi imodzi. Amene ali ndi kamuvi kosonyeza kozungulikira akhale mbali yomweyo ya galimoto, ndipo olembedwa OUTSIDE mawuwo aziyang'ana kunja. Mangani manati ndi sipanala yoyezera mphamvu, ndipo muwaonenso mukayenda makilomita 50 oyamba a ulendo wobwerera.