Gulugufe wa pa ndowe si mdani, kashembe ndi amene muzimuonetsetsa

Anzanga oweta ng'ombe kufupi ndi nkhalango ngati ya Nkhotakota, Kasungu kapena Vwaza, ndaonapo anthu akupopela mankhwala agulugufe amene amadzaza pa ndowe ndi pamatope kudambo poganiza kuti ndi amene akudwalitsa ziweto, zimandiwawa kwabasi. Gulugufe saluma, kamlomo kake ndi kopindika ngati sipuling'i, pandowepo akungoyamwa timchere basi, ndipo akatela amaimika mapiko m'mwamba.

Kashembe ndiye oopsa. Kukula kwake ndi ngati ntchentche yayikuluko pang'ono, yabulawuni, koma muoneni akatela pamwendo wa ng'ombe, mapiko amawasanjikiza limodzi pamwamba pa linzake ngati sizasi yotseka ndipo mlomo wake umaloza kutsogolo ngati singano. Wamwamuna ndi wamkazi onse amayamwa magazi, ndi mmene amafalitsira kaodzera kwa ng'ombe ngakhalenso kwa ife anthu. Saikila mazila ngati gulugufe ayi, wamkazi amabeleka kamphutsi kamodzi pa masiku pafupifupi 10, kamalowa m'dothi pamthunzi.

Ndiye chochita, yang'anani miyendo ndi kumimba kwa ng'ombe, mpamene amakonda kuluma, mankhwala opopela aziyamba pamenepo. Nsalu zija zabuluu ndi zakuda zomwe amaika m'mphepete mwa nkhalango chonde musachotse, ndi misampha yake imeneyo. Ng'ombe ikayamba kuonda koma ikudya, ubweya kuimilila, m'maso kuyela ngati yatha magazi, itanani alangizi a ziweto tsiku lomwelo ayese magazi.