Momwe mungalumikizire sump ndi refugium pa thanki ya nsomba za m'madzi amchere

Kuno ku Mangochi ambiri amene amasunga nsomba m'thanki yagalasi amayamba ndi mbuna za m'nyanja yathu yomweyi, ndipo mbuna zimapirira zambiri. Nsomba za m'madzi amchere ndi makorali sizipirira choncho. Zimafuna madzi osasinthasintha, ndipo chimene chimathandiza kwambiri ndi sump, thanki yachiwiri yokhala m'kabati pansi pa thanki yaikulu. Madzi amasefukira m'bokosi la overflow (kabokosi ka mano kumtunda kolandira madzi a pamwamba pa thanki yaikulu), amatsika ndi paipi, amadutsa m'zipinda za sump, kenaka pampu imawakwezanso. Refugium ndi chimodzi mwa zipindazo, momwe mumamera ndere zimene zimayamwa nitrate ndi phosphate (zinyalala zosungunuka m'madzi), ndiponso momwe tizilombo ta copepod timaswana popanda nsomba yotidya.

Miyezo yonse m'munsimu ndi ya thanki ya masentimita 120 × 50 × 50, yolowa malita 300, ndi sump ya 90 × 40 × 40. Ngati yanu ndi ina, sinthani manambala koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Zogula

Pakufunika ma bulkhead (zolumikizira paipi pa bowo la galasi kuti madzi asadonthe) atatu, awiri a madzi otsika ndi imodzi ya madzi okwera, mapaipi a PVC a mamilimita 25 ndi 32, ma elbow, ma union (zolumikizira mapaipi zimene zimamasulika osadula paipi) anayi kapena asanu, valavu ziwiri zapulasitiki, guluu wa PVC, silikoni, magalasi anayi a mamilimita 6, ndi pampu. Mapaipi ndi ma elbow mupeza m'mashopu a hardware pa boma pompano. Ma bulkhead, skimmer (makina ochotsa zinyalala m'madzi pogwiritsa ntchito thovu) ndi mchere wa m'thanki nthawi zambiri mpaka muitanitse kunja, ku Johannesburg kapena ku Dar es Salaam, ndipo mtengo wake umayenda ndi dola, choncho itanitsani zonse pakamodzi, kuphatikizapo bulkhead imodzi yapadera.

Pa hardware chenjerani ndi zinthu zitatu. Wogulitsa akhoza kukupatsani paipi yopyapyala yodutsamo mawaya amagetsi n'kumati ndi yamadzi. Ikaneni, funani yolembedwa kuti ndi ya pressure. Chachiwiri, valavu zamkuwa zimene mapulambala amazikonda zisayandikire thanki iyi, chifukwa mkuwa ukasungunuka pang'ono chabe m'madzi amchere umapha makorali, nkhono ndi nkhanu. Chachitatu ndi silikoni. Ya kubafa, yolembedwa kuti imateteza nkhungu, ili ndi mankhwala akupha. Gulani yolembedwa 100% silicone kapena aquarium. Chitini cha guluu chigwedezeni musanalipire. Ngati simukumva kuti guluuyo akuyenda, ndiye kuti anakhalitsa pa shelefu n'kuuma ndi kutentha kwa kuno.

Kuboola galasi

Musanagule choboolera galasi, gwirani bulkhead m'manja ndi kuiyeza nokha. Ya inchi imodzi nthawi zambiri imafuna bowo la mamilimita 45, koma makampani amasiyana. Onetsetsaninso kuti galasi lanu si la tempered, chifukwa limeneli silibooleka, limangophwanyika lonse ngati galasi la m'mbali mwa galimoto. Ikani laputopu yoyaka kuseri kwa galasilo, valani magalasi adzuwa a polarised, pendeketsani mutu. Mukaona mizere kapena madontho akuda, lisiyeni.

Boolani ndi diamond hole saw, pang'onopang'ono, madzi akuthiridwa nthawi yonse, osakanikiza. Pakati pa bowo ndi m'mphepete mwa galasi pakhale mpata wosachepera kukula kwa bowolo. Labala ya bulkhead imakhala kumbali ya mutu wake, osati kumbali ya nati. Mangani ndi dzanja, muonjezere kotala la mzungulo ndi sipanala, basi. Mukaimanga ngati nati ya tayala imasweka, ndipo silikoni pa labala imangoiterereretsa.

Zipinda za sump

Gawani motere kuchokera kumene madzi akutsikira: masentimita 30 a skimmer, 30 a refugium, magalasi atatu otchinga thovu, ndi 20 a pampu. Magalasi atatuwo atalikirane masentimita 2.5, ndipo lapakati likwezedwe masentimita 2.5 kuchokera pansi kuti madzi adutse pamwamba, pansi, pamwambanso. Kutalika kwa galasi loyamba, lolekanitsa chipinda cha skimmer ndi refugium, kumatsatira skimmer yanu. Zambiri zimafuna madzi akuya pakati pa masentimita 15 ndi 23, ndiye werengani pepala lake. Pano titenga 22. Auzeni odula magalasi achepetse mamilimita 3 kapena 4 pa mulifupi wa mkati mwa sump, ndipo mupalepale m'mphepete ndi sandipepa kuti lisakuchekeni. Silikoni ipatseni masiku awiri kapena kupitirira isanakhudze madzi.

Mapaipi otsika ndi okwera

Njira yodalirika ndi ya mapaipi awiri imene amaitcha Herbie. Paipi yoyamba, ya mamilimita 25, kamwa lake limakhala lomira m'bokosi la overflow, masentimita 10 mpaka 15 pansi pa kamwa la paipi yachiwiri, ndipo imakoka madzi okhaokha popanda mpweya, n'chifukwa chake sichita phokoso. Pa iyo ndi pamene pamakhala valavu, pafupi ndi sump, ndipo mapeto ake amire masentimita 2 kapena 3 okha m'madzi a sump. Akamira kwambiri mpweya umakanika kutuluka pamene pampu yayambanso. Gate valve yapulasitiki ndiyo imachunika bwino. Ikasowa, ball valve ya PVC igwira ntchito, kungoti mulimbana nayo poichuna.

Paipi yachiwiri, ya mamilimita 32, ndi ya pangozi. Isakhale ndi valavu iliyonse, ndipo mapeto ake akhale pamwamba pa madzi a sump kuti ikayamba kutsitsa madzi ambiri muimve kuti khwaa, mudziwe kuti yoyamba yatsekeka.

Madzi odutsa mu sump akhale kuwirikiza katatu mpaka kasanu kukula kwa thanki pa ola, ndiye malita 900 mpaka 1,500. Nambala yolembedwa pa katoni ya pampu ndi ya pamene sikukweza madzi m'mwamba. Pokwera mita imodzi ndi theka n'kudutsa ma elbow mphamvu imatsika kwambiri, choncho gulani ya malita 2,000 kapena 2,500. Valavu yachiwiri ikhale kumene madzi akutulukira pa pampu, osati kumene akulowera. Ikani union pamwamba pa pampu ndi pansi pa bulkhead iliyonse kuti tsiku lotsuka musadzadule paipi. Lumikizani zonse kaye popanda guluu, lembani zizindikiro ndi maka, kenaka mumate.

Magetsi akazima

Apa ndiye pamene nyumba zimasefukira, ndipo kwathu kuno kuzima kwa magetsi si nkhani yongoyerekeza. Pampu ikaima, madzi a m'thanki yaikulu sasiya kutsika nthawi yomweyo. Amapitirira kusefukira mpaka afike pansi pa mano a bokosi la overflow. Mapaipi amakhuthula zimene anali nazo, skimmer nayonso imabweza madzi ake. Zimenezi ndi zochepa. Choopsa ndi paipi yokweza madzi ija, imene tsopano imatembenuka n'kuyamba kukoka madzi kuchokera m'thanki kupita pansi, monga momwe amakokera petulo ndi kapaipi kuchokera m'thanki ya galimoto. Siisiya mpaka kamwa lake litatulukira pa mpweya.

Tengani pensulo muwerenge. Pa thanki ya 120 × 50, sentimita iliyonse ya madzi ndi malita 6. Pa sump ya 90 × 40, sentimita iliyonse ndi malita 3.6. Madzi ogwirira ntchito ali pa 22, ndiye mpata wotsala ndi masentimita 18, pafupifupi malita 65. Tsono ngati kamwa la paipi yokweza lamira masentimita 10, chifukwa munafuna kuti lisaoneke kapena lisamwaze madzi, thanki itsitsa malita 60. Onjezani a m'bokosi, a m'mapaipi ndi a mu skimmer, mwadutsa 65. Madzi amchere ali pansi, m'kabati momwe muli mapulagi, ndipo magetsi akhoza kuyaka nthawi iliyonse inu muli ku msika. Kamwa lomwelo likamira masentimita 3 okha, otsika ndi malita 18, pamodzi ndi ena aja mwina 25, ndipo sump ikwera masentimita 7 basi.

Choncho chitetezo chenicheni ndi kuika kamwalo pafupi ndi pamwamba pa madzi. Ambiri amaboola kabowo ka mamilimita 3 pa paipi, pansi pang'ono pa mzere wa madzi, kuti mpweya ulowe n'kudula kukokako. Kabowoko n'kabwino, boolani tiwiri, koma musakadalire. Ndere zimamera pomwepo, mchere umauma pomwepo, nkhono imodzi ikhoza kukhala pomwepo usiku umene magetsi azime. Check valve, valavu yoletsa madzi kubwerera m'mbuyo, ndiye musaiwerengere n'komwe. M'madzi amchere mumamera tinyongolotsi ta zigoba zolimba mkati mwa mapaipi, ndipo kamodzi kokha kakakhala pa chitseko cha valavuyo madzi amadontha pang'onopang'ono. Kwa mphindi khumi simuona kanthu. Magetsi akazima kuyambira m'mawa mpaka madzulo, madonthowo amadzaza sump. Sump iyenera kulandira madzi onse ngakhale tibowo titatsekeka ndipo check valve itakana.

Yesani ndi madzi a pampopi, mchere musanathire. Dzazani, yatsani pampu, chunani valavu mpaka madzi m'bokosi aime pansi pang'ono pa kamwa la paipi ya pangozi. Matani tibowo tija ndi tepi. Zulani pulagi, khalani pansi muyang'ane mpaka madzi aleke kukwera, mudikirenso theka la ola. Pasatsale mpata wochepera masentimita 5 pamwamba pa sump. Bwezerani pulagi osakhudza valavu, ndipo muone ngati paipi yoyamba ikuyambanso kukoka yokha m'mphindi zingapo. Ikamabwebweta osakhazikika, mapeto ake amira kwambiri kapena pali gawo lalitali logona chopingasa limene likusunga mpweya. Bwerezani katatu. Pamene zonse zakhazikika pampu ikuyenda, jambulani mzere ndi maka pa chipinda cha pampu. Mzere umenewo usadutsidwe pothira madzi, ngakhale ndi mwana amene mwamutuma.

Palinso mayeso a mbali inayo. Tsekani valavu ya paipi yoyamba yonse, pampu ikuyenda. Paipi ya pangozi iyenera kunyamula madzi onse yokha. Ikalephera, chepetsani pampu. Ndipo ngati onse awiri atatsekeka, pampu ikankhira m'mwamba madzi a m'chipinda chake chokha, pafupifupi malita 14, omwe ndi pafupifupi masentimita awiri ndi theka pa thanki yaikulu. Siyani mpata wa masentimita 3 pamwamba pa madzi, ndipo n'chifukwa chake chipinda cha pampu sichiyenera kukula mopitirira.

Pampu ya DC imadya magetsi ochepa ndipo imayenda bwino pa inverter. Ngati batire ndi laling'ono, lumikizani kapampu kokha koyendetsa madzi m'thanki yaikulu, chifukwa chimene chimayamba kupha nsomba magetsi akazima ndi kuchepa kwa mpweya.

Refugium ndi zotsala

Khuthulani madzi oyesera aja. Thirani madzi osefedwa ndi RO/DI (sefa yochotsa mchere ndi zina zosungunuka m'madzi) osakaniza ndi mchere wa m'thanki mpaka refractometer (choyezera mchere m'madzi) ionetse 1.025 kapena 1.026. Mchere wa kukhitchini sugwira, ndipo madzi a mjigo omveka mchere si madzi a m'nyanja yamchere.

Mu refugium ikani ndere za mtundu wa Chaetomorpha ndi timiyala pang'ono. Caulerpa, mtundu wina wa ndere, imakula msanga koma nthawi zina imayera n'kusungunuka, madzi onse n'kuda. Nyale ya LED iziyaka usiku pamene ya thanki yaikulu yazima, kuti pH isatsike kwambiri, kutanthauza kuti asidi asachuluke m'madzi. Ndere zikadzaza chipinda, chotsani gawo limodzi mwa atatu.

Madzi akhale pakati pa madigiri 24 ndi 26. Mu Okutobala ndi Novembala kuno zimenezo sizichitika zokha. Tsegulani kumbuyo kwa kabati, ikani fani yopemerera pamwamba pa sump, ndipo ngati mukusunga makorali konzekerani chiller, makina oziziritsa madzi. Fani imaumitsa malita angapo patsiku, ndipo kuchepako kumaonekera m'chipinda cha pampu chokha. Mchere suuluka, ndiye bwezerani madzi a RO opanda mchere, tsiku lililonse, mpaka pa mzere uja.